Grace Hopper, gogo amene ankayenda ndi timawaya m'chikwama

Amene adakumanapo ndi Mayi Grace Hopper atakalamba amasimba chinthu chimodzi: m'chikwama mwawo simunkasowa timawaya. Ankadula waya wa telefoni m'tizidutswa, kalikonse kotalika masentimita pafupifupi 30, msinkhu wa rula ya mwana wa pulayimale. Akatha kulankhula pamsonkhano ankagawira timawayato aliyense, kaya ndi mkulu wa asilikali wa nyota zake paphewa, kaya ndi mwana wa sukulu. Wongoonera patali akadaganiza kuti gogowa mutu wayamba kuwazungulira. Chonsecho kawaya kalikonse kankaimira muyezo wa nthawi, ndipo ntchito ya moyo wonse wa mayiwa idali yoyeza.

Masiku ano ndalama timatumizirana pafoni, malipiro amalowa kubanki kudzera pakompyuta, ngakhale magetsi timagula pongodina manambala. Kuseri kwa zonsezi kuli mapulogalamu amene anthu ena adakhala pansi n'kulemba. Anthu amenewo, kulikonse kumene ali, amalimbana ndi mafunso awiri tsiku ndi tsiku. Loyamba n'lakuti tidziwa bwanji kuti chomwe talembachi chikupereka yankho lolondola. Lachiwiri n'lakuti chikutenga nthawi yaitali bwanji, nanga nthawiyo ikutayikira pati. Mayi Hopper adali mmodzi mwa anthu oyamba kukana kuti mafunso amenewa aziyankhidwa ndi pakamwa chabe. Iwo ankafuna umboni woti munthu wina aliyense atha kuubwereza n'kudzionera yekha.

Adabadwa pa 9 December 1906 mumzinda wa New York ku America, woyamba m'banja la ana atatu, ndipo dzina lawo lakubadwa lidali Grace Brewster Murray. Bambo awo ankagulitsa inshuwalansi, mayi awo ankakonda masamu. Nkhani yotchuka ya ubwana wawo ndi ya mawotchi. Ali ndi zaka 7 adafuna kudziwa chomwe chimaliza belu m'wotchi yodzutsa anthu m'mawa. Adaimasula, koma kuibwezeretsa kudakanika. Adatenga ina n'kuimasulanso kuti aone pomwe adasokoneza. Pomwe mayi awo ankazindikira n'kuti mawotchi 7 ali zidutswa zokhazokha. Kholo lina likadathyola mkwapulo. Mayi awo adangolamula kuti mwanayo azisewera ndi wotchi imodzi basi.

Ali ndi zaka 16 adafuna kulowa koleji ya atsikana ya Vassar, koma mayeso a Chilatini adawagwetsa, ndiye adadikira chaka chathunthu. Mu 1928 adatenga digiri ya masamu ndi fizikisi. Mu 1930 adatenga yachiwiri kuyunivesite ya Yale, chaka chomwenso adakwatiwa ndi Vincent Hopper, mphunzitsi wa Chingerezi. Mu 1934 adamaliza PhD ya masamu ku Yale komweko, nthawi imene amayi ofika pamenepo ankawerengeka ndi zala.

Kuyambira 1931 ankaphunzitsa masamu ku Vassar, ndipo ophunzira awo ankadandaula chinthu chimodzi. Mphunzitsiyu sankakhutira ndi yankho lokha. Ankafuna kuti wophunzira alembe m'mawu omveka mmene wafikira payankholo, ndipo kalembedwe kakakhala kosokonekera ankachongera komweko. Ophunzira akati iwo adabwerera masamu osati chimangirizo, ankawauza kuti masamu amene sungathe kufotokozera mnzako alibe ntchito. Mfundo imeneyi ndiyo olemba mapulogalamu amatsata lero akamati malangizo a kompyuta alembedwe moti mnzako awawerenge n'kuwamva, chifukwa wodzakonza mawa sakhala yemwe adalemba.

Japan itaphulitsa doko la Pearl Harbor pa 7 December 1941, America idalowa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Mayi Hopper adafuna kulowa usilikali wa pamadzi, koma adawabweza. Zaka akuti zapitirira, thupi n'lochepa (sikelo inkaloza makilogalamu osakwana 48 pomwe lamulo linkafuna 54), komanso boma linkati mphunzitsi wa masamu ngofunika kukalasi. Sadagwe ulesi. Adapempha tchuthi ku Vassar, adapeza chilolezo chapadera, ndipo mu December 1943 adalumbira. Maphunziro a usilikali adamaliza ali nambala wani m'kalasi mwawo mu 1944, n'kutumizidwa kuyunivesite ya Harvard kukagwira ntchito pansi pa Howard Aiken.

Kumeneko adapeza chimakina chotchedwa Mark I, chopangidwa ndi kampani ya IBM. Chidali chotalika mamita pafupifupi 16, msinkhu woposa wa munthu, cholemera matani oposa 4. Mkati mwake mudali timaswichi ta magetsi ndi timagudumu masauzandemasauzande, ndipo malangizo chinkawerenga pa tepi ya pepala yobooledwa timabowo. Pa sekondi imodzi chinkaphatikiza manambala katatu. Kuchulukitsa kamodzi kokha kunkatenga masekondi 6. Foni yotchipa ya pamsika lero ingachiseke, koma nthawi imeneyo chinkachita m'tsiku limodzi ntchito yomwe anthu akadatha nayo miyezi. Chinkagwira usana ndi usiku, kuwerengera zinthu monga kaulukidwe ka zipolopolo za mizinga, ndipo katswiri wa masamu John von Neumann adabwera nazonso zowerengera zokhudza bomba la atomu.

Tsono taganizirani kulakwitsa pamakina otere. Ola lililonse n'lolimbirana, ndipo manambala otulukawo akukagwiritsidwa ntchito ndi anthu amene ali pankhondo. Bowo limodzi likabooledwa pamalo olakwika, makina atha kugwira usiku wonse n'kutulutsa zinyalala zooneka ngati zoona. N'chifukwa chake Mayi Hopper ndi anzawo, Richard Bloch ndi Robert Campbell, ankayamba ayendetsa pulogalamu papepala, sitepe ndi sitepe, asanaipereke kumakina. Makinawo analinso ndi njira yoyerekezera mayankho awiri n'kuima okha ngati asiyana kuposa mlingo wololedwa. Mwambo woika alonda otere mkati mwa pulogalamu, oti aziimitsa ntchito zinthu zikangopotoka, ulipobe mpaka lero.

Panalinso chizolowezi china. Munthu akalemba kachigawo ka malangizo kowerengera chinthu chobwerabwera, n'kuona kuti kakugwira bwino, ankakasunga m'kope. Mnzake akafuna zomwezo ankangobwereka kopelo n'kukopera, poti chinthu choyesedwa kale n'chodalirika kuposa chatsopano. Koma Mayi Hopper adaona kuti pokoperapo m'pamene zolakwika zinkalowera. Wina walemba 4 m'malo mwa A, wina waphonya pophatikiza manambala osonyeza malo. Vuto limeneli adalisunga mumtima, ndipo lidadzabala zipatso patapita zaka zingapo.

Aiken adawapatsanso ntchito imene sadaifune, yolemba buku lofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka Mark I. Bukulo lidatuluka mu 1946, la masamba oposa 500, ndipo limawerengedwa m'gulu la mabuku oyambirira ophunzitsa kulemba mapulogalamu. Mpaka pano oyeza ubwino wa pulogalamu amafunsa ngati ili ndi malongosoledwe olembedwa, kapena nzeru zake zonse zili m'mutu mwa munthu mmodzi amene mawa atha kusiya ntchito.

Nkhani imene idawatchukitsa kwa anthu wamba ndi ya kadziwotche, gulugufe wausiku uja amathamangira nyale. Pa 9 September 1947 makina atsopano a Mark II adayamba kulakwitsa ku Harvard. Atafufuza adapeza kadziwotche atapanikizika m'kaswichi nambala 70 pagawo F. Adamuchotsa n'kumumata ndi tepi m'kaundula wa zochitika za tsikulo, ndipo kaundulayo akusungidwa kumyuziyamu ya Smithsonian ku Washington. Anthu ambiri amati apa m'pamene padachokera mawu oti bug, omwe m'Chingerezi amatanthauza kachilombo komanso cholakwika cha m'makina. Zoona zake n'zakuti amisiri ankanena kale mawuwa kuyambira nthawi ya Thomas Edison, ndipo akatswiri a mbiri amati amene adatola kachilomboko ndi anzawo a mayiwa. Iwo adangoikonda nkhaniyo n'kumaisimba paliponse. Chofunika kuchiona pankhaniyi ndi kaundulayo. Vuto lidalembedwa ola lake, malo ake ndi chomwe chidapezeka. Magulu olemba mapulogalamu amachitabe zomwezo: cholakwika chilichonse chimapatsidwa nambala, chimalembedwa mmene chidaonekera, ndipo sichitsekedwa mpaka wina atatsimikiza kuti chathadi.

Nkhondo itatha, zinthu sizidawayendere bwino. Banja lidatha mu 1945 opanda mwana, ngakhale dzina la Hopper adalisunga. Pempho lawo loti akhale msilikali wokhazikika lidakanidwa chifukwa cha zaka. Wolemba mbiri yawo, Kurt Beyer, adafotokoza kuti mowa udawagwira kwambiri m'zaka zimenezo, moti mu November 1949 adagwidwa ndi apolisi ku Philadelphia ataledzera. Anzawo adalowererapo, ndipo adadzuka. N'zofunika kuzinena izi chifukwa ntchito yawo yaikulu idabwera pambuyo pa kugwako, ali ndi zaka zoposa 40.

Chaka chomwecho cha 1949 adali atalowa kampani ya Eckert ndi Mauchly ku Philadelphia, imene inkapanga kompyuta ya UNIVAC ndipo idagulidwa ndi Remington Rand mu 1950. Apa m'pamene adabwerera ku vuto la makope lija. Maganizo awo adali osavuta kumva: ngati munthu amalakwitsa pokopera, bwanji kompyuta yomweyo isamakopere yokha? Adasonkhanitsa tizigawo toyesedwa kale pa tepi imodzi, kalikonse n'kukapatsa nambala. Wolemba pulogalamu ankangotchula manambala a tizigawo tomwe akufuna, kompyuta n'kutitola, kutilumikiza ndi kukonza malo ake. Chida chimenechi adachitcha A-0, chidayamba kugwira ntchito mu 1952, ndipo mtundu wake adaupatsa dzina loti compiler. Lero mawuwa amatanthauza pulogalamu imene imamasulira zolemba za munthu kuti zikhale malangizo omwe makina amamva.

Akadaulo ambiri sadachilandire. Ena ankati kompyuta ntchito yake ndi masamu basi, singalembe pulogalamu. Ena adali ndi dandaulo lomveka ndithu: pulogalamu yolumikizidwa ndi makina inkayenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi yolembedwa pamanja ndi katswiri, ndipo nthawi ya kompyuta masiku amenewo idali yodula koopsa. Gulu la Mayi Hopper lidayankha ndi wotchi. Lidatenga samu imodzi n'kuipereka mbali ziwiri. Anthu atatu olemba mwa njira yakale adatha maola oposa 14. Munthu mmodzi wogwiritsa ntchito A-0 sadathe ngakhale ola limodzi. Mnzawo Richard Ridgway adafalitsa zotsatirazo mu 1952.

Mpikisano umenewu udaonetsa chinthu chomwe ambiri sankachiwerengera. Liwiro la pulogalamu ndi muyezo umodzi chabe. Palinso maola a munthu wolembayo, kuchuluka kwa zolakwika zomwe zalowamo, ndi ndalama zodzakonzera m'tsogolo. Pulogalamu yothamanga kwambiri koma yoti palibe angaimve ili ngati chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Mkangano wa liwiro ndi kumveka bwino sudathebe mpaka pano, ndipo magulu anzeru amauthetsa monga adachitira iwowo, poyeza mbali zonse ziwiri.

Compiler yotsatira, A-2, adaipereka kwa makasitomala mu 1953 pamodzi ndi malangizo ake onse amkati, n'kuwapempha kuti akapeza polakwika kapena njira yabwino awadziwitse. Paja mutu umodzi susenza denga. Masiku ano m'makampani ambiri palibe malangizo amene amalowa m'pulogalamu mnzako asanawawerenge n'kuvomereza.

Kenaka adafuna kuti anthu a m'maofesi, owerengera malipiro ndi katundu, azilemba malangizo m'mawu a Chingerezi m'malo mwa zizindikiro za masamu. Mabwana awo adati kompyuta simva Chingerezi. Iwo adalemba pulogalamu yachitsanzo, n'kuionetsanso ikugwira ndi mawu a Chifalansa ndi Chijeremani, kusonyeza kuti kwa makina mawu ndi zizindikiro chabe. Chilankhulo chomwe chidatuluka pamenepo ndi FLOW-MATIC. Mu May 1959 boma la America lidaitanitsa makampani a makompyuta ku Pentagon kuti agwirizane chilankhulo chimodzi cha ntchito za m'maofesi, ndipo chidabadwa ndi COBOL. Anthu amakonda kunena kuti Mayi Hopper ndiwo adapanga COBOL, koma adalemba ndi komiti, ndipo mmodzi mwa olembawo, Jean Sammet, ankatsutsa poyera mbiri imeneyo. Mayi Hopper adali mlangizi, ndipo FLOW-MATIC yawo ndiyo idapereka maziko ambiri. Mu December 1960 padachitika chionetsero chomwe ankachilakalaka: pulogalamu imodzi ya COBOL idayenda pa UNIVAC II, n'kuyendanso pa RCA 501 ya kampani ina, itangosinthidwa pang'ono.

Koma kugwirizana papepala n'kwina, kuchita n'kwina. Kampani iliyonse inkagulitsa kompyuta yake ikulumbira kuti imamva COBOL, chonsecho iliyonse idali itathiramo zakezake n'kusiya zina. Pulogalamu yogwira bwino pamakina awa inkakana pamakina awo, kapena choopsa kwambiri, inkayenda n'kupereka yankho lina. Wogula akangolowa kwa wogulitsa mmodzi ankakhala ngati wamangidwa, chifukwa kusamuka kunkatanthauza kulembanso zonse. Asilikali a pamadzi a America, omwe adali ndi makompyuta a makampani osiyanasiyana, ankataya ndalama zambiri polembanso mapulogalamu omwewo.

Kumapeto kwa 1966 Mayi Hopper adawapumitsa usilikali atakwanitsa zaka 60. Mu August 1967 adawaitananso, ati kwa miyezi 6 yokha, kuti adzakonze chisokonezochi. Miyezi 6 ija idasanduka zaka pafupifupi 19. Ntchito imene adagwira kuofesi yawo ku Pentagon ndi yomwe imasimbidwa pang'ono, mwina chifukwa ilibe kadziwotche, koma ndiyo idasintha kwambiri kagulidwe ka mapulogalamu.

Mu 1968 America idakhazikitsa muyezo wa COBOL, buku lonena chomwe lamulo lililonse la chilankhulocho liyenera kuchita. Gulu la Mayi Hopper lidatenga bukulo n'kulisandutsa mayeso. Pa lamulo lililonse ankalemba kapulogalamu kakang'ono komwe yankho lake likudziwika kale. Mwachitsanzo, phatikiza manambala awa, sunga zotsatira m'malo a manambala awiri okha, tione ngati makina achenjeza kuti sizikukwana. Sanja maina awa motsata alifabeti, tione amene abwere poyamba. Kapulogalamu kalikonse kankayerekeza chomwe chatuluka ndi chomwe chimayembekezeka, n'kusindikiza kuti apa yakhoza, apa yalephera. Wogulitsa akabwera ndi compiler yake, ankaidyetsa mulu wonse wa mayesowo, ndipo pepala lotuluka ndilo linkalankhula. Mmodzi mwa achinyamata awo, George Baird, adalandira mphoto mu 1974 chifukwa cha ntchito yomanga mayeso amenewa.

Ife kuno tikudziwa chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo a ogula mbewu ndi mapampu a mafuta atanyamula miyezo yawoyawo. Sikelo siifunsidwa kwa mwini wake ngati ili yoona. Mayi Hopper adachita zomwezo ndi ma compiler. Popeza boma la America lidali kasitomala wamkulu, makampani adayamba kukonza zinthu zawo kuti zikhoze mayeso, ndipo zilankhulo zawo zosiyana zija zidayamba kufanana. Mayeso otere adafikanso ku chilankhulo cha FORTRAN, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ntchito yoyesayi idapita m'manja mwa bungwe la boma loona za miyezo, lomwe lero limatchedwa NIST.

Wolemba mapulogalamu wa lero akaona ndondomeko imeneyi aizindikira msanga. Amalemba timayeso ting'onoting'ono ta gawo lililonse la ntchito yake. Akasintha mzere umodzi, timayeso tonse timayendanso tokha, kuti aone ngati pokonza khomo sadagwetse zenera. M'magulu ambiri, mayeso amodzi okha akalephera, zosinthazo sizipita kwa anthu. Njira zimenezi zidakula kudzera mwa anthu ambiri, koma mtima wake ndi womwe uja: yankho lidziwike kaye, makina aliyerekeze, ndipo woweruza asakhale wogulitsa.

Tsono tibwere ku timawaya tija, chifukwa ndito tinkayankha funso lachiwiri, la nthawi. Amisiri ankalankhula za nanosecond, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Mayi Hopper ankavomera kuti nambala yotere sankatha kuiona m'maganizo, ndiye adapempha amisiri kuti awadulire nanosecond imodzi aigwire m'manja. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo palibe uthenga wa magetsi umene ungapose pamenepo. Mu nanosecond imodzi kumayenda masentimita pafupifupi 30. Ndiko kutalika kwa kawaya kaja.

Ankanyamulanso mkukuluzi wa waya wotalika mamita pafupifupi 300, mabwalo atatu a mpira kuwalumikiza. Umenewo unkaimira microsecond, gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi. Ankanena kuti wolemba mapulogalamu aliyense ayenera kuupachika pamwamba pa desiki yake, kapena m'khosi momwe, kuti adziwe chomwe akutaya akamawononga nthawi ya makina. Tikapitiriza masamu awowo, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi ndi makilomita 300, pafupifupi ulendo wa pamsewu wochoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre. Kanthawi kameneko munthu sakamva n'komwe. Koma pulogalamu ikamakataya pa munthu aliyense mwa anthu 1 miliyoni amene ikuwawerengera, yataya mphindi pafupifupi 17.

Akuluakulu a asilikali akamadandaula kuti uthenga wodzera pa setilaiti ukuchedwa, ankawaonetsa kawayako n'kuwauza kuti awerenge timawaya tingati tingakwane kuchoka pansi pano kukafika kumwambako. Setilaiti zamtundu umenewo zimakhala makilomita pafupifupi 36,000 m'mwamba, ndiye kukwera ndi kutsika kokha kumadya pafupifupi kota ya sekondi, ngakhale zida zikhale zabwino chotani. Apa ankaphunzitsa kusiyanitsa kuchedwa kumene palibe angakuchotse ndi kuchedwa kobwera chifukwa cha kulemba mosasamala. Akatswiri a lero ali ndi zida zoonetsa mzere uti wa pulogalamu ukudya nthawi yambiri, ndipo kawirikawiri wolakwa amapezeka pamalo pomwe palibe ankaganizira. Amayesanso pulogalamu poitumizira anthu ongoyerekeza masauzande ambiri nthawi imodzi, kuti aone pomwe iyambire kubanika, tsiku la malipiro lisanafike.

Ntchito ikakula kuposa makina, ankapereka chitsanzo cha alimi akale a kwawo. Chipika chikakanika ng'ombe imodzi, alimiwo sankadikira kuti abereketse ng'ombe yaikulu, ankangomanga ziwiri pagoli. Motero m'zaka za m'ma 1970 ankalimbikitsa boma kuti lisiye kudalira chikompyuta chimodzi chachikulu, lilumikize ang'onoang'ono ambiri. Ankafunsanso funso limene mabwana ambiri sankaliganizira, loti chidziwitso cholakwika chikakhala m'kompyuta chimawonongetsa ndalama zingati. Muofesi mwawo adapachika wotchi yoyenda chobwerera m'mbuyo, koma yosunga nthawi molondola, kuti aliyense wonena kuti zinthu timachita chonchi kuyambira kale aone kuti njira ina imatheka.

Sikuti onse ankagwirizana nawo. Katswiri wa ku Netherlands, Edsger Dijkstra, ankadana nayo kwambiri COBOL, ndipo ankachenjeza kuti mayeso amaonetsa zolakwika zomwe zilipo koma sangatsimikize kuti zatheratu. Chenjezo limeneli n'loona. Mayeso amagwira zokhazo zomwe wowalemba adaziganizira. Mapulogalamu ambiri akale ankalemba chaka ndi manambala awiri okha pofuna kusunga malo, ndipo ankayenda bwinobwino kwa zaka zambiri, mpaka chaka cha 2000 chitayandikira m'pamene dziko lidawononga ndalama zochuluka kuwakonza. N'chifukwa chake magulu osamala saimira pa mayeso okha. Amawerengerana zolemba, amagwiritsa ntchito zida zofufuza malangizo asanayendetsedwe, ndipo amapitiriza kuyang'anira pulogalamu ikayamba kutumikira anthu.

Mayi Hopper adakwezedwa kukhala kaputeni mu 1973 ndi commodore mu 1983, udindo womwe mu 1985 udasinthidwa dzina kukhala rear admiral. Adapuma komaliza pa 14 August 1986, pamwambo wochitikira m'sitima yakale ya USS Constitution ku Boston, ali ndi zaka 79, wamkulu kuposa ofisala wina aliyense amene adali pantchito m'gulu lawo. Adapitiriza kuyenda n'kumaphunzitsa ngati mlangizi wa kampani ya Digital Equipment Corporation. Adamwalira pa 1 January 1992 ali ndi zaka 85, ndipo adaikidwa kumanda a asilikali a Arlington. Mu 1969 adali atalandira mphoto ya mwamuna wopambana pa za makompyuta m'chakacho, ndipo iwo ndiwo adali oyamba kuilandira. Sitima yankhondo ya USS Hopper idayamba ntchito mu 1997, ndipo mu 2016 Pulezidenti Barack Obama adawapatsa mendulo yapamwamba kwambiri ya anthu wamba atamwalira kale.

COBOL ikadalipo m'mabanki ndi m'maofesi a boma m'maiko ambiri. Mu April 2020, anthu atachotsedwa ntchito mwaunyinji chifukwa cha Covid-19, bwanamkubwa wa New Jersey, Phil Murphy, adapempha poyera anthu odziwa COBOL kuti adzathandize, chifukwa makompyuta olembetsera thandizo la osowa ntchito adalephera kusenza chiwerengero cha ofunsira. Ovutika adali mabanja odikira ndalama yogulira chakudya.

Kwathu kuno maboma, mabanki, zipatala ndi sukulu zikugula masisitimu chaka ndi chaka, kawirikawiri ochokera kunja, pamtengo wokwera. Tidaona mu 2013, nthawi ya Cashgate, mmene ziboo za m'sisitimu yolipirira ndalama za boma zidathandizira anthu kulipira katundu yemwe sadaperekedwe n'kufufuta umboni wake. Mafunso a Mayi Hopper ngoyenera kufunsidwa kontirakiti isanasainidwe. Adayesa sisitimuyi ndani, kupatula woigulitsa? Mayeso ake ali kuti, ndipo akatswiri athu angawayendetse okha? Idayesedwa ndi anthu angati nthawi imodzi, nanga pa netiweki yofooka ya kumudzi? Wogulitsayu titasiyana naye, chidziwitso chathu tingasamuke nacho? Kandimverere adakanena za m'maluwa, abale. Wogula ayenera kukhala ndi anthu akeake odziwa kuyesa.

Anthu amenewo ndi achinyamata athu amene akuphunzira za makompyuta m'makoleji, atsikana ndi anyamata omwe. Ambiri amalota zopanga pulogalamu yatsopano yoti itchuke. Ntchito yolemba mayeso, yowerenga zolemba za mnzako ndi yoyeza nthawi imaoneka yotopetsa, ndipo siituluka m'nyuzipepala. Mayi Hopper ankanena kuti pa zonse zomwe adachita, kupatula compiler, chowanyaditsa kwambiri chidali kuphunzitsa achinyamata ndi kuwalimbikitsa kuti ayese. Ntchito yotopetsayo ndi imene adaigwira kuyambira ali ndi zaka 60 kupita m'tsogolo, ndipo olemba ntchito athu akadachita bwino kuyamba kuilipira monga iyenera.